Tiyeni titsike phiri, nyanja si ya alendo okha

Kwathu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi munthu sanyamuka ulendo popanda chifukwa chomveka. Ukangofika pa siteji utabereka chikwama, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi n'kwabwino?" Ukayankha kuti kulibe zovuta, amafuna adziwe ngati ukupita ku chinkhoswe, kokazonda matenda, kokapikula katundu kapena kutsatira mabelo ku okushoni. Kuyankha kuti ukungopita kukaona malo kumamveka ngati mwano, mwinanso anthu amayamba kunong'onezana kuti pali chimene ukubisa. Tinakula tikudziwa kuti ndalama ya thiransipoti ndi yosungira maliro, ndipo kuyenda kongoyenda ndi khalidwe la azungu ndi mabwana a m'tauni. Sabata ino, abale anga, ndikufuna titsutsane pang'ono pa maganizo amenewa. Ndikamba za ulendo wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi pa thumba la munthu wamba: mphunzitsi, mlangizi, mlimi wa soya, mayi wa geni ya tomato.

Nyanjayi sitili nayo kutali. Kukacha bwino kopanda chifunga, munthu amene waima pamwamba pa phiri la Ntchisi amaiona ikunyezimira cha kum'mawa, ndipo wotsika msewu wa Salima amayamba kuiona akamatsetsereka zitunda za ku Mvera. Phiri la Ntchisi ndi lotalika mamita oposa 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470, ndipo kutsika konseku galimoto imakutha m'maola awiri kapena atatu. Komabe m'midzi mwathu muli agogo amene adya usipa moyo wawo wonse osaonapo madzi amene usipawo umachokera. M'kalasi mwanga, tikafika pa mutu wa chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndimafunsa kuti amene anapondapo mchenga wa ku nyanja akweze mkono. Mikono imene imakwera imawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Anawa amaloweza kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, kuti malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, kuti muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Mayeso a MSCE amakhoza ndithu. Koma ukawauza kuti pali malo amene tsidya lina silioneka, amaseka ngati ukuwauza nthano.

Pomwe ife tikuionera patali chonchi, pali achinyamata ochokera ku Germany, ku Netherlands, ku Britain ndi maiko ena amene amaidziwa nyanjayi doko ndi doko. Mumawaona pa depoti ya Lilongwe atabereka zikwama zazikulu kumsana, nkhope zitafiira ndi dzuwa. Ambiri mwa iwo kwawo si olemera. Ena ndi ana asukulu amene agwira ganyu chaka chathunthu kuti apeze ya ndege, ndipo akafika kuno amawerenga kwacha iliyonse. Njira yawo ndi yosabisika. Amakwera minibasi yomwe timakwera ifeyi, amagona anthu angapo m'chipinda chimodzi kapena kukhoma tenti pa mchenga, amadya pa chiwaya, amachapa okha, ndipo sathamanga. Amakhala masiku atatu pa malo amodzi m'malo molipira galimoto tsiku lililonse. Ena amalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania n'kutsika ndi gombe lonse, kudzera ku Chitimba, Nkhata Bay, Kande, Senga Bay mpaka ku Cape Maclear.

Tsono taganizirani. Chilichonse chimene iwowa amachita pofuna kuchepetsa ndalama, ife tinabadwa nacho. Ndege sitiifuna, chitupa cholowera m'dziko sitichifuna. Nsima ya usipa siitsegula m'mimba mwathu, ndipo kondakitala sangatiuze mtengo wachizungu chifukwa timamva zimene akuuza mnzathu wa pampando wakumbuyo. Ku malo otetezedwa monga Nkhotakota Wildlife Reserve ndi Lake Malawi National Park, Mmalawi woonetsa chiphaso cha unzika amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Koposa zonse tili ndi anthu. Pali mnzathu wa ku koleji amene boma linamutumiza kukaphunzitsa ku Benga, pali mlamu wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, pali mpingo umene uli ndi nthambi m'boma lililonse. Mzungu amalipira bedi usiku uliwonse, pomwe ife mausiku ena tikhoza kuyala mphasa kwa wachibale, bola titamudziwitsa nthawi ilipo ndiponso titanyamula kanthu m'manja.

Ena anena kuti, "Aphunzitsi, ife ku nyanja timapita chaka chilichonse pa 15 October." Zoona, pa Tsiku la Anakubala msewu wa Salima umadzaza ndi mabasi, malole ndi maminibasi a hayala. Anthu amanyamuka m'mamawa, amafika ku Senga Bay dzuwa lili pamutu, amalipira pa geti, amajambulitsa zithunzi madzi ali m'mawondo, ena amaledzera, ndipo pofika 4 koloko dalaivala wayamba kale kuliza hutala. Tsiku limenelo zonse zimakwera mtengo, kuyambira hayala mpaka botolo la madzi, ndipo kawirikawiri masiku otsatira timamva pa wailesi za munthu amene wamira kapena galimoto imene yachita ngozi pobwerera. Wobwerako amakhala ataona khamu la anthu anzake a ku Lilongwe ndi kumva phokoso la zimkuzamawu. Msodzi sanacheze naye, mabwato akukocheza m'bandakucha sanawaone. Ndalama ya tsiku limodzi lotere, itagwiritsidwa ntchito modekha pa masiku wamba, ikhoza kumufikitsa munthu patali.

Funso la ndalama sindilizemba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa basi umadumpha mafuta akangosowa. Munthu amene sanagule feteleza, kapena amene mwana wake wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, asamve ngati ndikumuuza kuti asiye zimenezo apite kokasambira. Nkhokwe iyambe yadzaza. Koma tiyeni tinene zoona za miyezi ya June, July ndi August, soya, mtedza ndi fodya zikagulitsidwa. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa boma la Ntchisi malo omwera amachezera usiku wonse, ndipo ndalama imene bambo mmodzi amamwaza m'masabata awiri ingathe kutengera mayi a kunyumba ndi ana awiri ku Nkhotakota n'kubwerako. Ife a malipiro a pamwezi nafenso tili ndi mabowo athu: mayunitsi, kubetcha pa mpira wa ku England, nsalu ya ukwati uliwonse umene taitanidwa. Kwa ambiri a ife, ulendowu umalephereka chifukwa sitinauyikepo pa mndandanda wa zinthu zoyenera kusungira ndalama.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukakamira nkhaniyi ndi ichi: mvula yonse yogwa pa mapiri athu imakathera m'nyanja imeneyi. Mtsinje wa Lingadzi umachokera kuno ku Dowa n'kukathira m'nyanja m'boma la Salima. Lifuliza amatsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi n'kukalowa m'thamanda la Chia. Bua, amene amatilekanitsa ndi anzathu a ku Kasungu, amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota asanafike ku nyanja, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje imene nsomba ya mpasa imakwera kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Tikagwetsa mitengo pa zitunda kuti tiotche makala kapena timange zigafa, tikalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi lomwe tinalithira feteleza wodula lija limakokoloka n'kukakwirira malo oswanirana nsomba kumunsiko. Kenako ife tomwe timadandaula pa msika kuti kamulu ka usipa kachepa ndipo chambo tinachiiwala kukoma kwake. Ngakhale magetsi amene timawalirira amadalira nyanja yomweyi, poti madzi ake amatuluka kudzera mu Shire yekha, ndipo pa Shire ndi pamene pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mlangizi akhoza kulankhula za akalozera ndi udzu wa vetiva mpaka mawu kusasa. Koma mlimi amene waima yekha pa mlatho wa Chia, n'kumva msodzi akufotokoza mmene matope ochokera kumtunda akukwiririra thamandalo, amabwerera kumunda kwake ndi maso ena.

Ndipotu makolo athu njira ya ku nyanja ankaidziwa. Ankatsika wapansi atasenza chimanga ndi nyemba kukasinthitsa ndi nsomba ndi mpunga. Njira yomweyo ili ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdullah, amene ankadziwika ndi dzina lakuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo anthu ogwidwa ukapolo m'madera akumtunda ankawakweza m'zombo kuwaolotsa nyanja, n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa ku gombe la nyanja yamchere. Malondawa anatha m'zaka za m'ma 1890. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi inali pothawira anthu pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Nawonso amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anatsegula Mvera mu 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, anakwera kuno kuchokera ku nyanja. Mbiri ya mapiri ano ndi ya gombe lija ndi imodzi, ndipo theka lake lili kumunsiko kudikira kuti tikalione.

Nanga munthu angayende bwanji? Ulendo woyambira, woyenera thumba lochepa, ndi wozungulira wa masiku anayi. Kuchokera pa boma la Dowa mumatulukira pa Chezi n'kukwera galimoto ya ku Salima. Kuchokera m'tauni ya Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Mukafika musathamangire ku mahotela a mageti. Funsani njira ya ku doko la asodzi, ndipo mulawirire kumeneko tambala woyamba akangolira. Mudzaona nyali za mabwato amene achezera kukopa usipa zikuyandikira kumtunda, amayi ogula nsomba atandanda ndi mabeseni, anyamata akuyanika usipa pa thandala. Zonsezi kuonera kwake n'kwaulere. Mukapeza msodzi wachikulire mumufunse za chilumba cha Mbenje, m'dera la Senior Chief Makanjira m'boma lomwelo la Salima. Kumeneko mfumu ndi anthu ake amatseka usodzi kuyambira mu December mpaka mu April chaka chilichonse, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Mafumu athu akumtunda, amene nkhalango za m'midzi zikuwathera m'manja, ali ndi chophunzira pamenepa.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu mumakwera msewu wa M5 kulowera kumpoto. Kuchokera ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, kudzera pa Khombedza ndi pa Benga. Msewuwu malo ena ndi wovuta, choncho maola ake musawawerengere ngati a pa M1. Tsikani pa Chia, muone pamene thamanda limalumikizana ndi nyanja, mugule nsomba kwa eni ake. Pa boma la Nkhotakota pali mtengo wa mkuyu umene mbiri imati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mishoni ya Anglican. Palinso akasupe a madzi otentha a Mawira, ndi mpunga wotsika mtengo kuposa wa m'magolosale akwathu. Pobwerera simudzeranso ku Salima. Mumakwera msewu wa Kasungu umene umadutsa m'kati mwa nkhalango yotetezedwa, n'kutsikira pa Malomo. Nkhalangoyi bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Wamwayi amaiona njovu ali m'galimoto ya matola, osalipira kanthu kapadera.

Amene ali ndi sabata yathunthu apitirire kumpoto. Akadutsa minda ya nzimbe ya Dwangwa amalowa m'dziko la Atonga, kumene mchenga wa ku Kande ndi ku Chintheche ndi woyera ngati ufa. Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale ndi manda a amishoni a Livingstonia, amene anasamukirako mu 1881 atavutika ndi malungo ku Cape Maclear, asanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Kuyandikira Nkhata Bay msewu umadutsa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara, kumene ana amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo. Pa Nkhata Bay penipeni, musanafunse za malo osambira, kaimeni pa chipilala cha anthu amene anaomberedwa pa 3 March 1959, pamene khamu linasonkhana pa doko kufuna kuti atsogoleri awo omangidwa, amene anali m'sitima ya Mpasa, amasulidwe. Anthu osachepera 20 anafera pamenepo. Tchuthi cha pa 3 March timachidya chaka ndi chaka, koma ndi angati mwa ife a ku Dowa amene tinaonapo malo ake? Madzulo mukadye kondowole ndi nsomba ya batala pa malo odyera a pamsika. M'mimba mwa munthu wa chimanga kondowole amayamba mwachilendo, koma tsiku lachiwiri mumamufunanso.

Pa Nkhata Bay pomwepo ndi pokwerera Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira mu 1951, pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Chipinda chapansi ndicho chotsika mtengo, ndipo mumakhala limodzi ndi matumba a ufa, madengu a nsomba, nkhuku ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amene sitimayi ndiyo msewu wawo. Ku Likoma kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, chinyumba choti munthu sumvetsa kuti chinamangidwa bwanji pa kachilumba kotere. Sitimayi ndi yokalamba, imachedwa, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, choncho funsani ku ofesi ya pa doko musanapange mapulani, ndipo musaike ulendo wa Ilala kumapeto kwenikweni kwa tchuthi. Wofuna kum'mwera achoke ku Salima kudzera ku Chipoka, aime pa Mua pamene pali KuNgoni, malo osungira chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kenako akhotere pa Golomoti kupita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Kumeneko kuli paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 kaamba ka tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna.

Tsopano za kasungidwe ka thumba. Ndalama zambiri pa ulendo wotere zimathera pa galimoto, ndiye musadumphedumphe. Malo awiri okhalapo bwino amaposa malo asanu ongodutsapo. Yendani anthu atatu kapena anayi kuti chipinda ndi ndiwo muzigawana. Nyamukani m'mamawa, pamene magalimoto ali ambiri ndipo mukhoza kukana mtengo, poti dzuwa likapendeka wokwera sakhalanso ndi mawu. Mtengo mugwirizane musanakwere, wa inu ndi wa chikwama chomwe. Pewani mapeto a mwezi, Khrisimasi, Isitala ndi sabata ya Anakubala. Malo ogona a pa tauni, otalikirako pang'ono ndi madzi, ndi otsika mtengo kuposa oyang'ana ku nyanja, ndipo mchenga ndi womwewo mukayenda mphindi khumi. Musanalipire chipinda, onani ngati chitseko chikukhomeka, ngati muli neti yosang'ambika, ndiponso ngati ku bafa kuli madzi. Safunsa anadya phula.

Kamba munyamule wa kwanu. Ife akumtunda tili ndi zimene a ku nyanja amazifuna: mtedza, nyemba, mbatatesi, anyezi. Mtedza wokazinga, mbatata yophika ndi chigumu zimakusungani pa msewu, ndipo kathumba ka nyemba kamene mwapatsa mwini nyumba kamaposa zikomo wa pakamwa. Aphunzitsi anzanga, nthawi ya tchuthi makalasi amakhala opanda anthu. Kalata yaulemu yopita kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya m'mbali mwa nyanja, yolembedwa mwezi usanakwane, ikhoza kupezera gulu lanu pogona, ndipo inunso mudzawalandire akadzafuna kuona nkhalango ya Ntchisi. A kwaya ndi a chigwirizano angachite chimodzimodzi kudzera kwa abusa kapena bambo mfumu. Ndalama yobwererera muisiye mu foni, pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo muiiwale ngati kulibe mpaka tsiku lobwerera. Yotsalayo muigawe pawiri, ina m'thumba, ina pansi pa chikwama. Amene ali mu banki m'khonde angathe kugwirizana kuti gawo lina la ndalama zogawana likhale la ulendo wa gulu lonse.

Nyanja ili ndi malamulo ake, ndipo ife akumtunda tiyenera kuwamvera kuposa wina aliyense chifukwa ambiri sitidziwa kusambira. Kusambira pa dziwe la m'dambo n'kosiyana ndi kusambira pa madzi a mafunde, amene pansi pake pamatsetsereka mwadzidzidzi. Madzi asapitirire m'chiuno, ndipo amene walawa mowa asalowemo n'komwe. Kuyambira mu May mpaka mu August kumaomba mwera, mphepo ya kum'mwera imene imautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Mu July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi pa mphepo yotere, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, bwato lathabwa lodzaza mopitirira muyeso ndi chiyani? Asodzi akanena kuti lero sikolowa, musatsutse. Bwato lopanda majekete oyandamitsa musakwezemo ana a eni, ngakhale mtengo wake utatsika bwanji. Pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu, ndiye sambani pamene eni mudzi akusamba, dzuwa likadalipo.

Matenda nawo alipo. Udzudzu wa ku nyanja ndi wochuluka kuposa wa kumapiri, choncho kaneti kanu kalowe m'chikwama, ndipo thupi likatentha mutabwerako thamangirani kokayezetsa malungo. M'madzi odekha a m'mabango, momwe mumakhala nkhono, mumatengedwa likodzo. Amene wasamba m'nyanja ndi bwino akafotokoze ku chipatala pakapita masabata angapo, poti mankhwala ake, a praziquantel, alipo ndipo amachiza. Tisaiwalenso kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika nayo kwambiri. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, si akumwa osawiritsa kapena osathira mankhwala. Abambo anzanga, pa madoko a asodzi ndalama imayenda usiku ndipo mayesero ake mukuwadziwa. Kunyumba mubwerere ndi usipa basi.

Khalidwe ndilo limatsegula zitseko zimene ndalama siingatsegule. Mudzi wa asodzi ndi mudzi wa eni, uli ndi mfumu yake, ndipo gulu likafika ndi bwino kukaonekera kwa a mfumu kapena kwa a komiti ya pa doko. M'midzi yambiri malo osambira amayi ndi abambo ndi osiyana, ndiye funsani musanavule malaya, ndipo foni isaloze kumene anthu akusamba. Ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi kuli Asilamu ambiri. Lemekezani Lachisanu lawo, ndipo nyama ya nkhumba imene timaikonda pa Mponela isalowe m'chikwama chopita kunyumba ya eni. Ku Utonga kungonena kuti "Yewo" kumasekeretsa nkhope ya wogulitsa. Potsatsa malonda nenererani ndithu, koma kumbukirani kuti msodzi amene mukumupanikizayo wachezera pamadzi usiku wonse, wagula mafuta a injini pa mtengo womwe ukutiliza tonsefe. Ubwino wa ulendo wotsika mtengo ndi woti kandalama kanu kochepako kamagwera m'manja mwa wakabaza, mayi wophika nsima ndi mwini kanyumba kogona alendo, anthu a msinkhu wathu womwewu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, poti ukasiya mlomo udzaupeza.

Pali chinanso chimene mudzachione ndi maso anu. Malo ambiri a mchenga wabwino, ku Senga Bay, ku Chintheche ndi ku Mangochi, anagulidwa ndipo ali m'mipanda. Mahotela amalemba anthu ntchito ndipo amabweretsa ndalama zakunja, zimenezo palibe akukana. Koma m'midzi ina anthu amadandaula kuti njira zopita kumadzi, kumene makolo awo ankachapa ndi kukocheza mabwato, zikucheperachepera. Nkhani zotere zimakambidwa m'makhonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo phungu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi ali ndi voti yofanana ndi ya phungu wa ku Salima. Iye sangaikepo mtima ngati anthu amene anamusankha sanaonepo gombe ndipo saliyesa lawo. Mwana wa Fomu 3 amene wagona usiku umodzi pa doko la asodzi, mawa akadzakhala khansala, mlangizi wa nkhalango kapena mkulu woona za malo, adzadziwa chimene akusainira.

Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mu August, zokolola zitagulitsidwa, kutentha kwa October kusanafike, misewu ili youma. Ino ndiyo nthawi yoyamba kuponya kangachepe m'kachitini. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi aikepo nkhaniyi pa msonkhano wotsatira, ndipo ngati ndalama sizilola sukulu yonse, ayambe ndi kalasi imodzi ndi njira yaifupi ya Chezi, Salima, Chia, Nkhotakota ndi Malomo, makolo atavomereza molemba, aphunzitsi aamuna ndi aakazi ali pomwepo. Inu a ku nyanja amene mukuwerenga tsamba lino, tilembereni mutiuze malo ogona otsika mtengo a kwanuko, masiku a misika yanu ndi madoko amene mlendo angafikepo mosavuta. Nafenso tidzakuuzani njira yokwerera phiri la Ntchisi, koma mudzabwere ndi juzi, poti kuno mu July kumazizira zenizeni.